Boma la Custer ku Nebraska: bwanji analitcha dzina la msilikali wogonja?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wapeza ntchito pafamu ya ng'ombe pafupi ndi Broken Bow, likulu la boma la Custer m'chigawo cha Nebraska ku America. Akuti atafufuza anamva kuti Custer anali msilikali amene anagonja ndi kufera kunkhondo, ndiye akufunsa kuti: zinatheka bwanji boma lonse kutchedwa dzina la munthu wotere, nanga dziko limenelo linali la yani kale?

Mayi, zimene munamvazo ndi zoona. George Armstrong Custer anabadwira ku Ohio mu 1839. Pasukulu ya usilikali ya West Point anamaliza mu 1861 ali wotsiriza m'kalasi mwake, koma nkhondo yapachiweniweni ya ku America inamukweza msanga. Pofika 1863, ali ndi zaka 23 zokha, anali atavala kale udindo wa jenerale, ndipo anamenya nawo nkhondo ya ku Gettysburg. Kulimba mtima anali nako, palibe wotsutsa.

Nkhondoyo itatha anamutumiza kumadzulo ndi gulu la asilikali apakavalo la 7th Cavalry kukalimbana ndi eni nthaka. Apa ndi pamene mbiri yake imandiwawa. Mu Novembala 1868 anathira nkhondo m'bandakucha mudzi wa a Cheyenne, mtundu wina wa eni nthaka, pamtsinje wa Washita, ndipo mfumu Black Kettle inaphedwa pamodzi ndi amayi ndi ana ena. Chaka chomwecho boma la America linali litasainirana pangano ndi a Lakota, mtundu winanso wa eni nthaka, ku Fort Laramie, lonena kuti mapiri a Black Hills ndi awo. Mu 1874 Custer anatsogolera gulu lolowa m'mapiriwo, mbiri ya golide inamveka, anthu anakhamukirako, panganolo n'kusanduka pepala chabe. Mapeto ake anali pa 25 Juni 1876 pamtsinje wa Little Bighorn ku Montana. Custer anagawa asilikali ake n'kupita kukaputa msasa waukulu wa a Lakota ndi a Cheyenne, womwe munali atsogoleri a a Lakota, Sitting Bull ndi Crazy Horse. Iye ndi amuna oposa 200 amene anali nawo anathera pomwepo, osatsala ndi mmodzi yemwe.

Yankho la funso lanu lagona pa nthawi. Uthenga wa imfayo unafika kum'mawa dziko lili pachikondwerero cha zaka 100 za ufulu, ndipo manyuzipepala sanamuone ngati wogonja koma ngati ngwazi yofera dziko. Boma la Custer ku Nebraska linakhazikitsidwa mu 1877, maliro asanaiwalike. Mkazi wake Elizabeth, amene anakhala ndi moyo mpaka 1933, anathera zaka zambiri akuteteza mbiri ya mwamuna wake. N'chifukwa chake dzinali mulipezanso ku Montana, South Dakota, Colorado ndi Oklahoma.

Dziko la m'mbali mwa mitsinje ya Loup, imene imadutsa m'bomali, linali losakamo eni nthaka otchedwa a Pawnee, amene anawasamutsira ku Oklahoma wa lero cha m'ma 1870. Ngakhale dzina la Broken Bow akuti linachokera pa uta wothyoka umene mlendo wina anatola pamalo amene eni nthaka ankamangapo msasa.

Atachoka iwo, mkangano unatsala pakati pa azungu okhaokha. Oweta ng'ombe ankafuna dambo lopanda mipanda, pomwe alimi ankabwera kudzatenga maekala 160 aliyense potsatira lamulo la Homestead la 1862. Mu 1878 anthu a mwini ng'ombe wina, Print Olive, anapachika alimi awiri, Luther Mitchell ndi Ami Ketchum, pobwezera imfa ya mng'ono wake wa Olive, ndipo mitembo yawo inapezeka itapsa. Olive anamangidwa koma sanakhalitse m'ndende.

Kwa ine, mbiri yeniyeni ya bomali ili m'manja mwa alimiwo. Mitengo inali yosowa, choncho ankadula dothi lolukana ndi mizu ya udzu n'kumalisanja ngati njerwa. Wojambula zithunzi Solomon Butcher anayamba kuyendera mabanja amenewa mu 1886, chaka chomwe njanji inafika ku Broken Bow. Pazithunzi zake mumaona banja lonse litaima panja pa nyumba yadothi, litatulutsa tebulo, mipando ndi ziweto kuti abale akutali aone kuti zinthu zikuyenda. Anthu anachuluka mpaka kupitirira 26,000 cha m'ma 1920, koma chilala cha m'ma 1930 ndi kubwera kwa mathirakitala kunachepetsa manja ofunika kumunda. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 10,545 okha. Kuchepa kwa anthu kumeneku ndi komwe kumatsegulira khomo achinyamata ochokera kutali ngati mwana wanu.

Mwina mukudzifunsa ngati dzinali lingasinthe, monga mmene Fort Johnston inasandukira Mangochi. Kwina zachitikapo. Mu 1991 malo a nkhondo aja anawachotsa dzina la Custer n'kuwatcha Little Bighorn Battlefield, ndipo mu 2003 anatsegulapo chipilala chokumbukira eni nthaka amene anamenya nkhondoyo. Koma bomali likadali Custer. Nkhani ya Black Hills nayo sinathe: mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti mapiriwo analandidwa mosayenera ndipo linalamula chipukutamisozi, koma a Lakota mpaka lero akukana kulandira ndalamazo. Iwo akufuna mapiri awo.