Wakhoza MSCE koma sanasankhidwe ku yunivesite: mwana apite kuti?

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano popanda kutchula dzina. Mwana wake wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 23 pa sukulu yoyendera, CDSS ya kwawo. Mayina a opita ku yunivesite zaboma atatuluka, lake munalibe. Bambo a mwanayo akuti agulitse ng'ombe akamulipirire ku yunivesite yomwe si yaboma. Amalume ake akuti abwereze Folomu 4. Mwiniwakeyo akufuna kukaphunzira zamagetsi ku koleji ya zaumisiri, koma bambo ake akuti zimenezo ndi za olephera, komanso ndi za amuna. Mayiyo akufunsa kuti maphunziro athuwa afika pati, ndipo iwo atani.

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya pabanja panu. Choyamba, muuzeni mwanayo kuti sanalephere. Mumuuze momveka, bambo ake ali pomwepo. Mapointi 23 ochokera pa CDSS ndi thukuta lenileni, ndipo kuti muone chifukwa chake, tiyambe ndi njira imene wadutsa.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Chaka chimodzi chokha ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ndipo ambiri amene akuwerenga pano sakanadziwa kuwerenga pakanapanda chimenecho. Koma makalasi sanachuluke tsiku lomwelo, mabuku sanachuluke, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapite ku koleji, n'kumawaphunzitsa ali kale pa ntchito. Mpaka lero mupeza Sitandade 1 ya ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi, ena atakhala pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa sukulu yathera pomwepo. Ana ambiri amatsikira m'njira asanafike Sitandade 8, ndipo mwa amene akhoza mayeso a PSLCE, si onse amapeza malo ku sekondale.

Ku sekondale nako kuli magulu. Pamwamba pali sukulu zogonera zotenga ana a m'dziko lonse, monga Dedza, Lilongwe Girls, Blantyre Secondary ndi Mzuzu Government, kenako zogonera za m'maboma, ndipo pansi pali ma CDSS, omwe ndiwo ochuluka. Ambiri mwa ma CDSS amenewa anali malo ophunzirira patali a MCDE, ndipo anasinthidwa kukhala masekondale kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dzina linasintha, koma ambiri anakhala zaka alibe labotale, alibe laibulale, ndipo ena mwa aphunzitsi anali ophunzitsidwa za pulayimale. Mwana wa pa CDSS amaphunzira Chemistry pa bolodi, mphunzitsi akujambula botolo ndi choko n'kumuuza kuti madziwa akadasanduka ofiira. Tsiku la mayeso a MANEB pepala limakhala limodzimodzi ndi la mnzake amene wakhala akugwira mabotolo enieniwo kuyambira Folomu 1. Mtsikana woyendera amawonjezera pamenepo mtunda wa m'mawa ndi madzulo, kutunga madzi, kuphika, ndi kuwerengera tochi ya pa foni. Ndiye mwana wanu wadutsa zonsezi n'kutuluka ndi 23.

Chimene chamutsekereza ndi kuchepa kwa malo. M'zaka zaposachedwa ana oposa 150,000 amalemba MSCE chaka chilichonse, ndipo okhoza amangopitirira theka pang'ono. Yunivesite zaboma zilipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Zitatu zoyambazo zinali yunivesite imodzi mpaka pamene zinagawidwa mu 2021. Zonse pamodzi, kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, zimasankha ana ozungulira 10,000 okha pa chaka. Lamulo lofunsira malo ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma ofika pamenepo ndi ambiri kuposa malo, choncho maphunziro okondedwa monga udokotala, uinjiniya ndi zaunamwino amadzazidwa ndi okhoza bwino kwambiri, a mapointi ochepa. Kota, njira yogawa malo potengera boma limene mwana akuchokera, imene anthu anakanganirana zaka zambiri, inathetsedwa mu 2020. Kuchoka kwake sikunawonjezere mpando ndi umodzi womwe m'kalasi.

Tsopano ku maganizo atatu a pabanja panu.

Za kubwereza ndinena mwachidule. Kubwereza kumathandiza ngati pali phunziro limodzi lodziwika limene lamugwetsa, mwachitsanzo ali ndi 7 pa masamu pamene maphunziro amene akufuna amafuna kirediti, ndipo ngati akabwerezera pa sukulu imene ili ndi chimene chinasowa koyamba: labotale ndi mphunzitsi wa phunzirolo. Kubwerera m'kalasi lomwe lija, bolodi lomwe lija, n'kumayembekeza kuti 23 isanduka 12, ndi kumutayira chaka. Tengani pepala la zotsatira, muone phunziro lililonse palokha, osangoyang'ana chiwerengero cha pansi. Dziwaninso kuti NCHE imalola amene analemba zaka zapitazo posachedwa kufunsiranso, ndipo ana ambiri amagwa chifukwa cha kasankhidwe: pa fomu amadzaza maphunziro olimbiranidwa okhaokha, osasiyapo ena amene mapointi awo angafikire.

Za yunivesite zomwe si zaboma, sindikuzinyoza. Zilipo zabwino, zina za mipingo zimene zatulutsa anthu omwe akugwira ntchito bwino m'dziko muno. Koma musanagulitse ng'ombe funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi NCHE inavomereza maphunziro enieniwo amene mwana akukachita? Sukulu kulembetsedwa ndi nkhani ina, pulogalamu kuvomerezedwa ndi nkhani inanso, ndipo mndandanda wa zovomerezedwa NCHE imaufalitsa. Pali mabanja amene alipira zaka zinayi, mwana wavala gauni, zithunzi zajambulidwa, kenako pofunsira ntchito m'boma n'kuuzidwa kuti pepalalo silikudziwika. Ngati ndi zaunamwino, funsaninso ku Nurses and Midwives Council. Chachiwiri, ng'ombe zanu zikwanira zaka zinayi? Fizi ya semesita yoyamba si vuto lalikulu. Vuto limabwera chaka chachitatu, khola litatha, lendi ya hositelo yakwera, kwacha yagwa ngati mmene inagwera mu November 2023 ndi 44 peresenti. Ngongole za bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama la HESLGB zilipo, ndipo ophunzira a m'sukulu zovomerezedwa amafunsira, koma ofunsira amachuluka kuposa ndalama. Mwana wosiyira panjira m'chaka chachitatu amabwerera kunyumba alibe pepala, banja lilibe ng'ombe.

Ndikhalitsa pa za umisiri, chifukwa ndi pamene mtima wa mwana uli, komanso ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi bambo ake.

Maganizo akuti ntchito zamanja ndi za olephera sanayambe ndi bambo a mwanayu. Anabwera ndi nthawi ya atsamunda, pamene mwana wophunzira ankayembekezeka kukhala kalaliki wa kwa DC, wovala taye, ndipo tinawalera tokha titalandira ufulu. Mu 1981 dziko linatsegula Kamuzu Academy kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ulemu wonse unapita kumeneko. Chonsecho maphunziro apamwamba oyamba m'dziko muno anali ndi umisiri pakati pake. Ku Khondowe, pa sukulu imene a Robert Laws anayambitsa mu 1894, ana ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu pamodzi ndi uphunzitsi, ndipo otuluka kumeneko ankafunidwa mpaka ku migodi ya kunja. University of Malawi inabwera patapita zaka 70.

Lero zaumisiri zili pansi pa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti ithandize maphunziro amenewa. Makoleji akuluakulu aboma ndi othandizidwa ndi boma ndi 7: Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, loyamba ku Ngara m'boma la Karonga. Amene akuti kumeneku n'kwa olephera akafunse mmene malo amavutira. TEVETA ikalengeza, ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo, ndipo ku zamagetsi amayang'anitsitsa masamu ndi sayansi. Osankhidwa ndi TEVETA amalipira zochepa. Ena amalowa podzilipirira okha pa koleji yomweyo, fizi yake n'kukhala yokwererapo.

Sindikubisirani zofooka zake. M'makoleji ena makina ndi akale kuposa ophunzira, zipangizo zophunzirira zimatha pakati pa temu, ndipo malo a atachimenti amasowa chifukwa mafakitale m'dziko muno ndi ochepa. Mwana akhoza kutha miyezi akusaka kampani yoti imulandire, ndipo akaipeza ena amangomutuma kugula chakudya cha masana. Komanso kunja kuno kwadzala tisukulu ta m'nyumba za lendi tolemba pa chikwangwani kuti timaphunzitsa zamagetsi, mkati muli mabenchi ndi bolodi basi.

Choncho pitani nokha ndi mwanayo, tsiku la pakati pa sabata, osati tsiku lolandira alendo. Musathere mu ofesi ya mkulu wa sukulu. Pemphani kuti akuonetseni shopu yophunziriramo. Ku zamagetsi muyenera kuona matabwa oimikidwa kukhoma, ophunzira atakhomapo mapaipi, masoketi, maswichi ndi bokosi la mabuleka, wina ali ndi pulayala m'manja akusenda waya, wina akuyeza ndi mita. Werengani mitu ya ana pa thabwa limodzi. Ngati ana khumi ndi asanu azungulira mmodzi amene wagwira tesita, enawo akungoonerera ndipo adzatuluka akudziwa kufotokoza chabe. Funsani ophunzira eni ake, mphunzitsi atachokapo, kuti a chaka chatha anapita kuti ku atachimenti. Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndi kuti mayeso amene mwana adzalembe ndi a ndani. Safunsa anadya phula.

Kodi ntchito ilipo? Amalawi ambiri sanalumikizidwebe ku magetsi a ESCOM, makamaka kumidzi, ndipo ntchito yofikitsa magetsi m'misika ya kumidzi kudzera ku MAREP ikupitirira. Nyumba iliyonse yolandira magetsi imafuna munthu woyala mawaya, ndipo bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta la MERA limapereka chilolezo kwa amisiri oyenerera kugwira ntchito imeneyi. Sola yafalikira paliponse: pa denga la golosale, pa chipatala chaching'ono, pa pampu yothirira dimba, mpaka minda ikuluikulu ya mapanelo ya ku Salima ndi ku Golomoti, pafupi ndi kwanu komweko. Zambiri mwa zing'onozing'onozi zimafa msanga chifukwa anazilumikiza ndi munthu wongoyerekeza, batire kulumikizidwa molunjika popanda choletsa kudzaza mopitirira, waya wowonda kunyamula katundu wolemera mpaka kusungunuka. Wodziwa bwino ntchitoyi sasowa womuitana. Sindikulonjeza kuti adzalemera, ndipo zaka zoyamba zimakhala zowawa, kuyenda ndi chikwama cha zida pa kabaza, makasitomala ena kulipira mochedwa. Koma pa nthawi yomweyo tili ndi achinyamata a madigiri amene akhala zaka akuponya makalata, ndipo aphunzitsi ndi anamwino ophunzitsidwa ndi boma lomwe amadikira nthawi yaitali asanalembedwe ntchito. Digiri payokha inasiya kale kukhala chitsimikizo cha malipiro.

Zoti ndi ntchito ya amuna, magetsi safuna mphamvu za m'mapewa. Amafuna munthu wodekha, wowerengera bwino, wosadumpha ndondomeko, chifukwa wothamanga ndi amene amawotcha nyumba za eni. Atsikana alipo kale m'makoleji amenewa atavala ovolosi, ndipo TEVETA imawalimbikitsa kufunsira. Chimene ndingakuchenjezeni monga kholo ndi malo ogona ndi malo a atachimenti. Mtsikana yekha pakati pa amuna ambiri amakumana ndi zonena ndi zochita zosayenera. Funsani ngati pa koleji pali hositelo ya atsikana, ndani amaiyang'anira, ndipo mwana akavutitsidwa ku atachimenti amakadandaula kwa yani.

Bambo ake auzeninso ichi, chifukwa ndikuganiza kuti mantha awo enieni ndi akuti mwana atsekeredwa pansi moyo wake wonse. Njira ya umisiri ili ndi makwerero. Satifiketi imakwera magawo, pamwamba pake pali dipuloma, ndipo yunivesite zaboma zimalandira anthu a dipuloma yovomerezeka amene agwirapo ntchito zaka zingapo, ena n'kumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu kapena ali kwawo. MUBAS, imene kale inali Polytechnic, imaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi komanso uphunzitsi wa zaumisiri. Mwana wanu akhoza kudzafikako ali ndi zaka 26 kapena 28, akudzilipirira yekha, akudziwa kale fungo la waya wopsa limene anzake ongochokera ku Folomu 4 sanalimvepo.

Mwandifunsa kuti mutani, ndiye ndiyankha mosazungulira. Ng'ombe zisungeni. Onani kirediti ya masamu ndi ya Physics pa pepala lake. Ngati zilipo, afunsire malo a zamagetsi TEVETA ikangolengeza, ndipo fomu ya NCHE ya chaka chamawa adzadzazenso, ulendo uno mothandizidwa ndi mphunzitsi wodziwa mapointi amene pulogalamu iliyonse imatenga. Ngati masamu ndiwo anatsalira, pamenepo amalume ali ndi mfundo, ndipo alembenso phunziro limenelo pamalo pamene pali mphunzitsi wake. Pa miyezi yodikirayi musamusiye pakhomo. Pezani mmisiri wa chilolezo wa pa boma kapena pa msika waukulu wapafupi, munthu amene inu mukumudziwa khalidwe lake, kuti mwanayo azimutsatira masiku angapo pa sabata. Ikatha miyezi itatu mudzamufunse ngati akufunabe zamagetsi, ndipo bambo ake adzapite akamuone akugwira ntchito asanapereke yankho lawo.