Achimwene ayamba kupita kwa a SSPX, kodi akadali mu mpingo?

Chemwali wina wandilembera imelo kuchokera ku Johannesburg, akuti achimwene ake ayamba kupita ku Misa ya Chilatini kwa ansembe a SSPX (gulu la ansembe lotchedwa dzina la Papa Pio X Woyera) ndipo kunyumba kwavuta, mayi awo akulira kuti mwana wasiya mpingo pomwe eni akewo akuti ayi, Papa timamutchula pa Misa iliyonse. Ndiye akufunsa kuti anthuwa ndi akatolika kapena ayi?

Chemwali, Chilatinicho musachiope. Gululi analiyambitsa ndi Arkiepiskopi Marcel Lefebvre wa ku France mu 1970, munthu woti anatumikirapo ku Gabon ndi ku Dakar zaka zambiri, koma zina za Msonkhano wachiwiri wa Vatican, msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse, sanagwirizane nazo, makamaka za ufulu wa chipembedzo ndi Misa yatsopano. Pomwe zinathinira ndi pa 30 June 1988 ku Écône, Switzerland, anadzoza maepiskopi anayi Papa Yohane Paulo II atamuletsa, chikhalirecho mu May chaka chomwecho anali atasaina mgwirizano ndi Kadinala Ratzinger (yemwe pambuyo pake anadzakhala Papa Benedikito XVI) kenaka nkubweza mawu mawa lake. Lefebvre ndi maepiskopi anayiwo anachotsedwa mu mpingo. Mlandu wake ndi womwe uja wa a Milingo aku Zambia mu 2006, kudzoza maepiskopi opanda chilolezo cha Papa.

Papa Benedikito XVI anawachotsera chilango anayi aja mu 2009 koma ananeneratu kuti gululi lilibe malo ovomerezeka mmalamulo a mpingo. Papa Fransisko analola ansembe a gululi kulapitsa anthu mchaka cha chifundo, mu 2016 nkupitiriza chilolezocho. Misa yawo ndi Misa yeniyeni, ansembe awo ndi odzozedwa ndithu, koma umodzi wathunthu palibe.

Ine chomwe chimandiwawa nchoti mwana sanganene kuti awa ndi bambo anga, chithunzi chawo wapachika pabalaza, koma akamutuma akumasankha yekha zoti amve. Komanso mu 1988 momwemo ansembe ena anatuluka mgululi nkuyambitsa gulu lina lotchedwa FSSP, Misa yake yomweyo ya Chilatini ya m'buku la 1962, guwa lomwelo, ali pansi pa Papa mpaka lero. Zoti kusunga mwambo kumafuna kusamvera, ine ndimakana.

Mayi muwauze kuti mwana wawo sanataye chikhulupiriro, asamutche wampatuko pa WhatsApp yapabanja. Achimwenewo muwafunse mofatsa kuti wansembe wawo anatumidwa ndi episkopi wa dayosizi iti, kenaka mukafunse limodzi ku ofesi ya arkidayosizi komwe kukuchitika Misa ya Chilatini yololedwa.