Kodi Thucydides ankanama poika mawu m'kamwa mwa atsogoleri?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa motere: "Ndamva kuti zolankhula za atsogoleri zimene zili m'buku la Thucydides anazipeka yekha. Nanga bwanji amatchedwa wolemba mbiri, osati wa nthano?"

Zimene mwamvazo nzoona, koma Thucydides sanazibise. Mwiniwakeyo, mbadwa ya ku Athens imene inalemba za nkhondo ya Athens ndi Sparta, mizinda ya ku Girisi wakale, yomwe inabuka mu 431 BC, ananena poyera kumayambiriro kwa bukulo kuti kunali kovuta kukumbukira mawu enieni, kaya amene anawamva yekha kaya amene anauzidwa ndi ena. Choncho analemba zimene ankaona kuti wolankhula aliyense anayenera kunena pa nthawiyo, popanda kupatuka pa mutu wa zomwe zinanenedwadi.

Ine ndimaona kuti zolankhulazi ndi mmene iye amafotokozera chifukwa chimene zinthu zinachitikira. Taonani nkhani ya chilumba cha Melos mu 416 BC. Akazembe a ku Athens anafika kudzauza anthu a pachilumbapo kuti agonje, ndipo zokambiranazo zinachitikira pamaso pa akuluakulu ochepa, osati pa msonkhano wa anthu onse. Thucydides panalibe, popeza anali atathamangitsidwa kwawo atalephera kupulumutsa mzinda wa Amphipolis mu 424 BC. Komabe analemba zokambiranazo mosinthana mawu ngati sewero, a ku Athens akunena mopanda manyazi kuti chilungamo chimakambidwa pakati pa anthu ofanana mphamvu, pomwe amphamvu amachita zimene angathe ndipo ofooka amangolandira. Mapeto ake anawalemba m'mizere yochepa kwambiri: amuna aakulu anaphedwa, akazi ndi ana anagulitsidwa ukapolo. Sanawonjezerepo ndemanga ina iliyonse. Nkhani yotsatira pomwepo ndi ya ulendo wa nkhondo wa asilikali a Athens wopita ku chilumba cha Sicily, umene unayamba mu 415 BC n'kutha mu 413 BC, asilikali a Athens otsala atatsekeredwa m'migodi ya miyala ku Syracuse, akufa ndi ludzu ndi matenda. Wowerenga amalumikiza yekha nkhani ziwirizo, ndipo sindikukhulupirira kuti zinangogundana mwangozi.

Anachitanso chimodzimodzi ndi mawu a Pericles, mtsogoleri wa Athens, otamanda mzindawo pa maliro a asilikali. Mawuwo akangotha, mliri wa mu 430 BC ukuyamba, umene unamugwira Thucydides yemwe, ndipo timaona anthu a mzinda wotamandidwa uja akuponya mitembo ya abale awo pa moto woyatsira maliro a eni ake n'kuthawa.

Herodotus wa ku Halicarnassus, amene analemba mbiri Thucydides asanalembe yake, anali ndi njira ina. Iye ankapereka nkhani monga anaimvera, nthawi zina mbali ziwiri kapena zitatu, n'kunena kuti udindo wake ndi kufotokoza zimene anthu akunena, osati kuzikhulupirira zonse.

Choncho musatenge mawu a ku Melos ngati kuti analembedwa ndi mlembi wa pa msonkhanowo. Koma ngati mukufuna pomukayikira Thucydides, yang'anani mmene amachitira ndi Cleon, mtsogoleri amene anali ndi mphamvu ku Athens pa nthawi imene iye ankathamangitsidwa. Wolemba amene kawirikawiri amabisa maganizo ake, akafika pa Cleon amamutchula mosapita m'mbali kuti anali wankhanza kuposa nzika zonse, ndipo pa nkhondo ya ku Amphipolis mu 422 BC amamuonetsa akuphedwa ali mkati mothawa.