Mafunso Anu: Vim Ikavuta, Mlandu Ngwa Ndani?

FUNSO: Akonzi, ndimalemba mapulogalamu ndi Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonza mafayilo, pa kompyuta yoyendera Ubuntu 22.04. Masiku ano ndikatsegula fayilo yaikulu ya Python, Vim imaima njii kwa masekondi angapo, nthawi zina imangotsekeka. Ndikufuna kudziwitsa eni ake. Ndiyambire pati? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Musathamangire kukasuma musanadziwe wolakwa. Kawirikawiri vuto silikhala mu Vim yeniyeniyo, limabisala mu fayilo yanu ya vimrc (yosunga makonzedwe anu a Vim) kapena m'mapulagini (timapulogalamu towonjezera luso la Vim) amene munawonjezera nokha. Tsegulani fayilo ya Python ija polemba vim --clean kenako dzina lake. Lamulo limeneli limadzutsa Vim yopanda vimrc yanu ndi mapulagini anu onse. Ikayenda bwinobwino, mfiti ili m'nyumba mwanu momwemo.

Kuisaka kwake n'kogawa pakati. Ngati muli ndi mapulagini 16, zimitsani 8 n'kuyesanso. Vuto likatha, wolakwa ali m'gulu mwazimitsalo. Likapitirira, ali m'gulu latsalalo. Gawaninso pakati gulu lokayikitsalo, ndipo pofika ulendo wachinayi mwamugwira. Pa vimrc chitani chimodzimodzi: lembani mawu akuti finish pakati pa fayilo, Vim siwerenga mizere ya m'munsi mwake. Lamulo la :scriptnames limaonetsa mafayilo onse amene Vim yawerenga podzuka, ndipo vim --startuptime nthawi.txt imalemba mamilisekondi amene chilichonse chadya. Wolakwa akakhala pulagini, dandaulo lipite kwa amene anailemba, osati kwa osamalira Vim.

Nanga vuto likakhalapobe ndi --clean? Yang'anani kaye msinkhu wa Vim yanu polemba :version. Ubuntu 22.04 imabwera ndi Vim 8.2, pomwe 9.0 inatuluka mu 2022 ndipo 9.1 mu Januwale 2024. Mwina mukulira maliro a vuto limene linakonzedwa kalekale. Tengani kodi yatsopano ya Vim (malemba amene pulogalamuyi imapangidwira) pa webusaiti ya GitHub, pa vim/vim, muimange kukhala pulogalamu ndi lamulo la make, muyesenso. Fufuzaninso ngati wina sanalinene kale.

Likakanabe, lembani lipoti, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Kungoti "Vim ikutsekeka" sikuthandiza munthu, chifukwa wokonza sangachize matenda amene sakuwaona pa kompyuta yake. Dulani fayilo yovutayo pang'onopang'ono mpaka itsale mizere yochepetsetsa imene ikubweretsabe vutolo, kaya ndi 10, kaya ndi 3, ndipo muchotsemo zinsinsi za kuntchito. Lembani zochita motsatana, kuyambira pa vim --clean mpaka batani lomaliza limene mwadina. Nenani zimene mumayembekezera ndi zimene zachitika. Matanipo zonse zimene :version yatulutsa, makamaka mzere wa "Included patches", pamodzi ndi dzina la Ubuntu yanu ndi teminali imene mukugwiritsa ntchito. Uthenga wa vuto muukopere ngati mawu, osati kujambula sikirini ndi foni, chithunzi sichifufuzika. Ngati Vim ikufa n'kusiya mawu akuti "Caught deadly signal SEGV", iyendetseni mkati mwa gdb (pulogalamu yofufuzira zolakwika), ikagwa mulembe bt, zotulukazo muphatikize pa lipotilo.

Lembani m'Chingerezi chosavuta, vuto limodzi pa lipoti limodzi. Bram Moolenaar, amene anatulutsa Vim mu 1991, anamwalira mu Ogasiti 2023, ndipo ntchitoyi akuipitiriza anthu ongodzipereka. Yankho likachedwa musawakalipire.

FUNSO: Mnzanga wanditumizira fayilo ya Chichewa, koma paliponse pamene payenera kukhala ŵ, Vim ikuonetsa Åµ. Kodi ili ndi vuto loti ndinene? (Wowerenga wa ku Chipata)

YANKHO: Ayi, Vim ilibe mlandu, yangowerenga fayiloyo ndi kalembedwe kolakwika. Mu kalembedwe ka UTF-8 chilembo ŵ chimasungidwa ndi mabayiti (manambala amene kompyuta imasungira zilembo) awiri, C5 ndi B5. Akawerengedwa ngati kalembedwe kena kotchedwa latin1, aliyense amaima payekha: C5 amasanduka Å, B5 amasanduka µ. Lembani :set fileencoding? ndipo mosakayika muona latin1.

Chimachititsa n'chakuti Vim imayamba yayesa UTF-8, koma ikapeza bayiti imodzi yokha yosayenera, mwina yochokera m'mawu okopedwa m'fayilo yakale, imataya UTF-8 n'kugwera ku latin1 pa fayilo yonse. Nsomba imodzi yawoletsa dengu. Pitani kumutu kwa fayilo ndi gg, mudine 8g8, ndipo kasa (kachizindikiro koonetsa pamene muli) idumphira pa bayiti yoipayo. Ifufuteni ndi x, bwerezani 8g8 mpaka isapezenso kanthu, sungani ndi :w, mutsegulenso ndi :e. Ma ŵ onse abwerera m'malo mwake. Chenjerani: musalembe :set fileencoding=utf-8 n'kusunga pamene Åµ akuonekabe, chifukwa mukhomerera zinyalalazo m'fayilo. Pofuna kulemba ŵ watsopano, dinani Ctrl-K, kenako w, kenako >.

FUNSO: Ndinapereka lipoti lonena kuti kale zinkayenda koma pano zasiya. Andiyankha kuti ndichite bisect. N'chiyani chimenechi? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Akufuna muwapezere kusintha kwenikweni kumene kunaswa chinthucho. M'foda ya kodi lembani git bisect start, kenako git bisect bad pa Vim yovutayo, ndi git bisect good pamodzi ndi tagi (nambala ya mtundu) ya Vim imene inkayenda, mwachitsanzo v9.1.0000. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za kodi, ikuikani pakati pa ziwirizo. Mangani ndi make, yesani ndi src/vim osati vim ya pa kompyuta yanu, muiuze good kapena bad. Pa zosintha 1,000 mubwereza maulendo 10 okha. Ina ikakana kumangika, lembani git bisect skip. Nambala ya commit (kusintha kolakwako) imene Git itchule pamapeto muiwonjezere pa lipoti lanu lija, kenako mutseke ndi git bisect reset.