Kwa amene mwafunsa za ntchito ya kadyedwe koyenera m'boma

Achemwali, ndawerenga funso lanu lakuti mukumaliza maphunziro a za kadyedwe ku Bunda ndipo mukufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kulowa m'boma kumbali yokonza ndondomeko za kadyedwe koyenera, kapena kuli bwino kukagwira ntchito m'chipatala kaya m'mabungwe omwe si aboma. Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka zingapo, poyamba ku khonsolo ya boma lina m'chigawo chapakati, kenako muno mu Lilongwe, choncho ndiyankha malinga ndi zimene ndadutsamo. Ntchitoyi ndi yofunika kwambiri ndipo ndikukulimbikitsani kuti mudzailowe, koma musathamangire ku Capital Hill musanakhale kaye zaka ziwiri kapena zitatu kumene kuli ana onyentchera ndi amayi awo.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisakaniza. Pali katswiri wa kadyedwe amene amathandiza wodwala mmodzimmodzi, monga wa matenda a shuga, wa impso kapena wogonekedwa amene sangathe kumeza, ndipo ameneyu ndi amene pa Chingerezi amamuti dietitian. Iyeyu amayenera kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi asanayambe kuthandiza odwala. Maphunziro a ntchito imeneyi ndi atsopano m'dziko muno, chifukwa gulu loyamba linayamba kuphunzira ku LUANAR, yunivesite imene Bunda ili pansi pake, m'chaka cha 2016 mothandizidwa ndi yunivesite ya Tufts ya ku America, ndipo mpaka lero akatswiri otere ndi ochepa poyerekeza ndi odwala amene akuwafuna. Palinso woona za kadyedwe ka anthu onse, amene wodwala wake ndi mudzi wathunthu kapena dziko lonse. Ntchito yokonza ndondomeko ili mbali yachiwiriyi, ngakhale kuti amene anadutsa kaye mu wodi amabwera ndi nzeru zimene wokhala mu ofesi yekha sangakhale nazo.

Ntchito za kadyedwe m'boma zimalumikizidwa ndi Nthambi ya za Kadyedwe, HIV ndi Edzi, imene ambiri amangoiti DNHA. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 2004 mu ofesi ya Pulezidenti ndi nduna zake, ndipo patapita zaka inasamutsidwira ku Unduna wa Zaumoyo. Komabe musaganize kuti mwayi uli kumeneko kokha, pakuti ku Unduna wa Zaulimi kuli oona za chakudya ndi kadyedwe, ku Unduna wa Maphunziro kuli oyang'anira phala la ana m'sukulu, ndipo ku makhonsolo kuli mkulu woona za kadyedwe amene amayendetsa komiti yobweretsa pamodzi mbali zonsezi.

Tsiku la munthu wokonza ndondomeko limatha ndi kuwerenga malipoti, kulemba makalata, kukonza bajeti ndi kukhala pa misonkhano, ndipo ngati mtima wanu umakhutira pokhapokha mwaona mwana amene anabwera atatupikana akutuluka m'chipatala akuseka, zaka zoyamba mudzavutika. Apa mphoto imachedwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2010 anapeza kuti ana 47 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 37 pa 100. Kutsika kumeneku kunapulumutsa ana ambirimbiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ogwira ntchitoyi amene angaloze mwana n'kunena kuti uyu ndamuchiritsa ndine. Chimodzimodzinso nkhani ya vitamini A. Mu 2001 ana aang'ono oposa theka anali operewera vitamini ameneyu m'thupi, koma pofika 2016 chiwerengero chinatsika kufika pochepera 4 pa 100. Zinatheka chifukwa cha timakapisozi timene ana amalandira ku sikelo, komanso chifukwa anthu ena anakhala pansi ndi makampani pamodzi ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu, n'kugwirizana zoika vitamini ameneyu mu shuga ndi mafuta ophikira. Mayi wogula shuga pa golosale ya ku Chinsapo sadziwa kuti panali misonkhano ya zaka zambiri kuti paketiyo ikhale momwe ililimo, ndipo ntchito ya ndondomeko ikayenda bwino imaoneka choncho.

Tsopano ndifike pa chifukwa chimene ndikunenera kuti muyambire kumunsi. Nditangoyamba ntchito ndinali ndi changu chophunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo ndinkawatchula mosaphonya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Tsiku lina m'mwezi wa February, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, ndinaphunzitsa amayi kuti mwana azidya dzira, mkaka ndi chipatso tsiku lililonse. Anamvetsera mwaulemu, anaomba m'manja, koma titamaliza agogo ena anandiitanira pambali n'kundionetsa lichero la gaga, chimene chinali chakudya chokhacho m'nyumbamo sabata imeneyo. Zimene ndinaphunzitsazo zinali zoona, koma sizikanalowa mumphika wa munthu aliyense amene anali pamenepo. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufunsa ndisanalangize, ndipo ndinaphunzira kwa amayiwo komanso kwa azaumoyo a m'mudzi kuti uphungu wothandiza ndi wa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, bonya wosinja, mfutso wosungidwa nthawi ya dzinja, bonongwe ndi chisoso zomera kuseri kwa nyumba, ndiponso mbatata yofiira mkati. Munthu amene sanaonepo lichero lotere akapatsidwa cholembera kuti alembe ndondomeko ya dziko lonse, amalemba zokoma m'makutu mwa anzake a mu ofesi, koma zosatheka kwa mlangizi amene amapalasa njinga kukafika kumudzi.

Mukakhala ku chipatala kapena ku khonsolo mudzadziwanso pamene zinthu zimaduka. Mudzaona chimene chimachitika chiponde chopatsa ana onyentchera chikachedwa kufika, mwana amene mkono wake wayezedwa n'kupezeka wochepera masentimita 11.5, chizindikiro cha kunyentchera kwambiri, atabwera kale ndi mayi wake kuchokera kutali. Mudzamvetsa chifukwa chake Likuni Phala wopatsidwa mwana mmodzi amadyedwa ndi banja lonse, ndipo mudzasiya kuweruza mayi wochita zimenezi chifukwa mudzakhala mutaona ana enawo akuyang'ana mbale. Mudzadziwanso kuti manambala amene amafika ku Lilongwe amachokera m'kaundula wolembedwa ndi munthu wotopa amene waona ana ambiri tsiku limodzi, choncho mudzawawerenga mosamala musanamangirepo mfundo.

Luso limene simungalipeze mokwanira m'kalasi ndi lolankhula ndi anthu amene si a ntchito yanu. Kupinimbira sikuchiritsidwa ndi Unduna wa Zaumoyo wokha, chifukwa kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumakhudzana ndi zimene zalimidwa, madzi amene akumwedwa, chimbudzi, mimba za atsikana aang'ono, malungo, ngakhalenso chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino. N'chifukwa chake dziko lino litalowa m'gulu la mayiko olimbikitsa kadyedwe koyenera lotchedwa SUN m'chaka cha 2011, komanso polemba ndondomeko ya 2018 mpaka 2022, mfundo yaikulu inali yakuti maunduna onse agwirire pamodzi. Kulemba zimenezi n'kosavuta, koma kuti wa zaulimi amene amayamikiridwa chimanga chikachuluka aganizireko za nyemba ndi ziweto zazing'ono, pamafunika kuleza mtima ndi umboni. Kwa a zachuma mumalankhula chilankhulo cha ndalama, ndipo apa kafukufuku wa mtengo wa njala amene anasonyeza kuti m'chaka cha 2012 dziko lino linataya ndalama zokwana 147 biliyoni kwacha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chake, chifukwa cha kunyentchera kwa ana, wakhala chida chathu chachikulu. Choncho phunzirani kusanthula manambala pa kompyuta, kuwerenga bajeti, ndi kulemba tsamba limodzi lomveka bwino loti mkulu wotanganidwa aliwerenge n'kumvetsa chimene mukupempha.

Za malipiro sindikubisirani, ndi ochepa poyerekeza ndi a m'mabungwe, ndipo mipata ya ntchito situluka kawirikawiri. Ndalama zambiri zoyendetsera ntchito za kadyedwe zimachokera kwa abwenzi akunja, zimene zimachititsa kuti nthawi zina zofuna za wopereka zitsogole. Ichi kwa ine ndi chifukwa chinanso chofunira anthu odziwa ntchito m'boma, pakuti pulojekiti imatha pakapita zaka zochepa, pamene ndondomeko ndi lamulo zimatsala, ndipo pamafunika Mmalawi wotha kunena mwaulemu kuti ichi kwathu kuno sichingayende.

Maphunziro anu a za odwala musawataye poganiza kuti ku ndondomeko alibe ntchito. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapezanso kuti amayi 21 pa 100 alionse anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo aliyense wopita ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila akuona momwe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchulukira m'tauni muno. Nkhani za mchere ndi shuga wochuluka m'zakudya za m'mapaketi, zolemba pa mapaketiwo, ndiponso chakudya chimene odwala ogonekedwa amapatsidwa, zikusowa anthu odziwa bwino zimene chakudya chimachita m'thupi la wodwala. Ngati mbali imeneyi ikukukokani, malizani maphunziro oyenerera, lembetsani ku Medical Council, ndipo pamene mukudikira kuti mipata ilengezedwe, pemphani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuti muziphunzira ntchito ku wodi ya ana onyentchera ndi ku sikelo za m'midzi.