Msonkho wa America ndi China, katundu amangosintha njira

Achimwene mwafunsa kuti America ikakweza msonkho pa katundu wa ku China, katunduyo amathera kuti, kapena mafakitale amangotseka basi? Satseka ayi. Malonda ali ngati minibasi ikamva kuti kutsogolo kuli a traffic, imangokhotera kanjira kena nkukatulukira kwina.

Tengani ya soya. Mu 2018 pulezidenti wa America Donald Trump ataika msonkho wa 25% pa katundu wambiri wa ku China, ma Chaina nawo anabwezera ndi 25% pa soya wa ku America, ndiye dziwani kuti China ndi imene imagula soya wambiri padziko lonse, amapangira chakudya cha nkhumba ndi nkhuku komanso kuyenga mafuta ophikira. Nanga nkhumba zikanasiya kudya chifukwa cha ndale? Anangotembenukira ku Brazil, alimi aku Mato Grosso nkumamwetulira pomwe anzawo aku Iowa ku America soya atangounjikana munkhokwe mtengo utagwa, mpaka boma la America linachita kulengeza madola 12 biliyoni oti liwapepesere chaka chomwecho. Ndipo kasitomala akazolowera kwina kumubweza nkovuta, mpaka pano China imadalira kwambiri soya waku Brazil.

Mbali inayi ndiye ya ukathyali pang'ono. Makampani anasamutsira ntchito ku Vietnam, Mexico ndi India, ma iPhone ena pano akumalumikizidwa ku India, ndipo mu 2023 Mexico inapitilira China pogulitsa katundu ku America. Koma musaone ngati China yagwa, zipangizo zambiri zamkatimo zikuchokerabe konko, ena amangomangitsa ma sikuluwu ku Vietnam nkumata chizindikiro chakumeneko, msonkho uja waphonya. Wolipira weniweni amakhala wogula waku America yemwe, poti msonkhowo amapereka ndi kampani yoitanitsa katundu kenako nkuwonjezera pamtengo mushopu.

Tsono katundu wotsala uja, wosowa kolowera, amakamutsitsa mtengo kumisika ina. Nchifukwa chake EU, bungwe la mayiko a ku Ulaya, mu 2018 inathamangira kuika malire pa zitsulo zolowa kwawo, ankaopa kuti zonse zokanidwa ku America zikhuthukira kwa iwo. Ife kuno mphamvu yotseka chitseko choncho ndiyochepa, ndiye katundu wotchipa akachuluka wogula ku Limbe amasangalala ndithu, koma amene ali ndi kafakitale ku Kanengo kapena ku Makata, akuvutika kale ndi forex ndi magetsi, ameneyo ndiye angapikisane naye bwanji mtengo umenewo.