Kodi kemisiti ndi wogulitsa mankhwala?

Bambo ena a ku Area 25 kuno ku Lilongwe anditumizira funso pa imelo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ali Folomu 3, akuti akufuna kudzakhala "chemist", ndipo iwo akufunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti adzakhala pakauntala n'kumagulitsa mapilitsi. Akufunanso kudziwa kumene mawuwa anachokera.

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Tanthauzo loyamba la mawuwa ndi katswiri wa kemisitiri, munthu amene amafufuza kuti zinthu zinapangidwa ndi chiyani komanso kuti zimasintha bwanji zikasakanizidwa, zikatenthedwa kapena zikasungunulidwa. Anthu otere alipo mumzinda muno, kungoti ntchito yawo imachitikira m'labotale momwe ambirife sitilowamo. Madzi a Lilongwe Water Board asanafike pampopi panu, pamakhala wina amene wayeza ngati mankhwala ophera tizilombo athiridwamo mokwanira. Ku Chitedze, malo ofufuzira zaulimi, dothi limayezedwa kuti zidziwike kuti likusowa michere yanji. Wogulitsa mankhwala a odwala ndi wina: iye amaphunzira za famase, ntchito yake imayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ngakhale amaphunzirako kemisitiri, maphunziro akewo ndi apadera.

Chisokonezochi si inu munachiyambitsa. Ku Britain, ogulitsa mankhwala ankatchedwa "chemist and druggist" chifukwa ankasakaniza okha mankhwalawo m'masitolo awo, ndipo lamulo la mu 1868 linati dzinali lizigwiritsidwa ntchito ndi okhawo olembetsedwa m'kaundula. Ife tinatengera Chingerezi cha ku Britain, n'chifukwa chake mpaka lero ena amati akupita ku kemisiti akafuna mankhwala a mutu. Chichewa nachonso chimawonjezera vutoli, pakuti mawu akuti mankhwala timatchulira za kuchipatala, za kwa sing'anga, zopopera mbewu ngakhalenso zothira m'chimanga kuti chisafumbwe. Ine ndimakana kumasulira "chemist" kuti katswiri wa mankhwala, chifukwa womva amaganiza za dokotala kapena sing'anga, pomwe kemisiti weniweni akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse pa simenti, sopo kapena feteleza osakhudzako wodwala.

Mawu akuti "chemist" ndi chidule cha "alchemist". Awa anali anthu akale amene ankayesetsa kusandutsa zitsulo wamba, monga mtovu, kuti zikhale golide, ndipo ena ankafunafuna mankhwala otalikitsa moyo. Golideyo sanamupange, koma pakuyesayesa kwawoko anakonza njira zosungunulira, zosefera ndi zotchezera zinthu zomwe zikugwirabe ntchito. Chiwiya chawo chotchezera chinkayendera mfundo yomweyo imene amayi otcheza kachasu amaidziwa: nthunzi ikadutsa mumpope wozizira imasanduka madontho.

Luso limeneli Aarabu ankalitcha al-kimiya. Kachigawo ka "al" kameneka m'Chiarabu kamangoloza chinthu chodziwika kale, ndipo kaliponso m'mawu akuti algebra, alkali ndi alcohol. M'zaka za m'ma 700 mpaka 900, pamene dzina la Jabir ibn Hayyan linatchuka pa lusoli, mabuku ambiri a lusoli ankalembedwa m'Chiarabu, ndipo anafika kwa anthu a ku Ulaya kudzera ku Spain, komwe Robert wa ku Chester anamasulira limodzi m'Chilatini mu 1144.

Koma nawonso Aarabu anachita kubwereka. Mawu akuti kimiya anawatenga ku Chigiriki, chomwe ophunzira a ku Iguputo, monga Zosimos wa ku Panopolis cha m'ma 300, ankalembera nkhani zosintha zitsulo. Kufika apa akatswiri a zinenero amagawanika pawiri. Ena amati muzu wake ndi Kemet, dzina limene Aiguputo akale ankatchulira dziko lawo, lotanthauza dziko lakuda, chifukwa cha dothi lakuda lachonde lomwe mtsinje wa Nile unkasiya ukasefukira. Ndiye kuti kemisitiri ingatanthauze luso la ku Iguputo. Ena amati muzu wake ndi mawu a Chigiriki akuti khymeia, okhudza kutsanulira ndi kusungunulira zitsulo pamodzi. Ife Aafirika timakopeka msanga ndi kufotokoza koyambako, koma ine ndimaona kuti kwachiwiriku kuli ndi mphamvu, chifukwa kukutchula ntchito yeniyeni imene anthuwo ankagwira pang'anjo. Mulimonsemo, malo ake sakusintha, pakuti mbali zonse ziwiri zikuvomereza kuti lusoli linakulira ku Iguputo.

Kachigawo ka "al" kanayamba kugwa m'zaka za m'ma 1500, pamene olemba Chilatini monga Georgius Agricola wa ku Germany ankafuna kubwezera mawuwa ku maonekedwe ake a Chigiriki. Kwa nthawi yaitali mawu akuti "alchemist" ndi "chemist" ankatanthauza munthu mmodzimodzi, moti Robert Boyle, yemwe mu 1661 anatulutsa buku lotchedwa The Sceptical Chymist, naye ankayesabe zosandutsa zitsulo. M'zaka za m'ma 1700 m'pamene anasiyana kotheratu: "alchemist" anatsalira wofuna golide, pomwe "chemist" anakhala woyeza zinthu pasikelo ndi kulemba zotsatira kuti ena azitsimikizire, monga ankachitira Antoine Lavoisier wa ku France.

Kanthu kena kakang'ono ndi katchulidwe. Zilembo za "ch" m'mawuwa zikuimira chilembo cha Chigiriki, choncho sizimveka ngati za m'mawu akuti chimanga ayi, koma ngati "k". N'chifukwa chake polemba m'Chichewa ndimalemba kemisiti ndi kemisitiri, ndipo anzathu olankhula Chiswahili phunziroli amalitcha kemia.